Chinthu chotuluka bwino kamodzi sichinafike pogulitsa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya madizayina oima paokha, aja amapanga zinthu zawozawo popanda wowatuma: nyali, mipando, miphika ya maluwa, ziboliboli, ndi zina zoti munthu sungadziwe msanga ngati n'zongokongoletsa kapena n'zogwirira ntchito. Masamba a zaluso akamalemba za anthu amenewa amaonetsa chithunzi cha chinthu chomalizidwa n'kuyamikira mphatso ya mwiniwake. Mphatsoyo sindikuikana. Koma wachinyamata akawerenga nkhani yotere n'kupita kukayesa, simenti imamung'ambikira, silikoni imakana kuuma, nyali imagwa chamutu, iye n'kumati mphatso ndiyo alibe, chonsecho chimene chikusowa ndi sikelo ndi kope lolembamo. Pempho langa n'loti atolankhani anu akamacheza ndi anthuwa aziwafunsanso za miyeso ndi za zoyeserera zimene zinakanika, chifukwa owerenga angaphunzire zambiri kumeneko kuposa pa chithunzi.

Ntchito yodzituma wekha ili ndi ubwino wake. Palibe kasitomala wokusankhira mtundu, palibe tsiku lokuthamangitsa, ndipo ukhoza kuthira phulusa m'simenti kapena kuwaula thabwa ndi moto kuti ungoona chimene chichitike. Vuto lake lilinso pomwepo: palibe wokuuza kuti upange china chofanana ndi choyambacho. Chinthu chikatuluka bwino, mwiniwake amachijambula, anthu pa Instagram n'kuchikonda, wina n'kuitanitsa 10. Apa m'pamene zimadziwika kuti madzi anathiridwa mongoyerekeza ndi maso, utoto unapimidwa ndi supuni yomwe inasowa, ndipo palibe akukumbukira kuti chikombole chinatsegulidwa patapita maola angati. Muyeso wanga ndi uwu: choyeserera chimasanduka katundu pamene mwatulutsa zisanu zotsatizana zofanana, ndipo munthu wina angathe kupanga chachisanu ndi chimodzi pongowerenga zimene munalemba, inu mulibe.

Charles ndi Ray Eames, madizayina a ku United States, atasamukira ku Los Angeles mu 1941 ankayesa kupinda pulayiwudi m'nyumba yomwe ankagona, ndi makina odzipangira omwe anawatcha Kazam!: chikombole cha pulasitala chokhala ndi mawaya otenthetsa, ndi thumba lampira lopopa ndi pampu ya njinga kuti likanikize timatabwa topaka guluu. Ankafuna mpando wa chigoba chimodzi, pokhalira ndi potsamira zili pamodzi, koma pulayiwudi inkang'ambika pamalo pamene yapindidwira mbali ziwiri nthawi imodzi. Njirayo inayamba yagwira ntchito pa zomangira miyendo ya asilikali ovulala, zomwe gulu la asilikali apamadzi la United States linaitanitsa mu 1942, ndipo zinapangidwa pafupifupi 150,000. Mpando wawo wa pulayiwudi wotchedwa LCW umene anthu anauona mu 1946 uli ndi pokhalira pakepake ndi potsamira pakepake, zolumikizidwa ku msana wathabwa ndi timipira. Maonekedwe amene anthu amawayamikira lero anachokera pa kuvomereza zimene thabwa linakana.

Kuti ndisalankhule m'malere, titenge chinthu chimene madizayina ambiri amayambira: nyali ya patebulo ya tsinde lasimenti, mkono wathabwa wopindika, ndi mutu wa LED.

Musanagule chilichonse, pangani nyali yonse ndi makatoni ndi tepi pa msinkhu wake weniweni, muikhazike patebulo, inu mukhale pampando. Chojambula cha pakompyuta sichikuuzani kuti kuwala kukulasani m'maso. Mutu wa nyali yowerengera umakhala bwino masentimita 40 mpaka 45 pamwamba pa tebulo, ndipo wokhala pampando asamaone pochokera kuwalako. Kenaka pabwere masamu a kugwa, omwe ambiri amawadumpha. Tinene kuti tsinde ndi lozungulira, masentimita 14 m'mimba mwake ndi masentimita 5 kuchindikala. Imeneyo ndi simenti yokwana mamililita 770, yolemera makilogalamu 1.7. Mkono wa magalamu 300 ukuchokera pakati pa tsinde, ndipo mutu wa magalamu 250 uli masentimita 35 kutsogolo ndi masentimita 45 m'mwamba. Nyali imeneyi imaima ndithu, koma kulemera kwake kwatsamira kutsogolo moti kwangotsala sentimita imodzi kuti kudutse m'mphepete mwa tsinde. Tebulo likapendekeka madigiri 6 kapena 7, kapena chigongono chikaikhudza, yagwa. Ambiri amathamangira kukulitsa tsinde, n'kuwononga maonekedwe. Nthawi zambiri sipafunika kutero. Sunthirani pochokera mkono masentimita 4 kumbuyo, ndipo nyali yomweyo imapirira madigiri opitirira 11. Iyeseni pa thabwa lopendekeka madigiri 10, mukuitembenuzira mbali zonse zinayi.

Tsinde limathiridwa m'chikombole cha silikoni, mpira wamadzimadzi umene umauma utatenga maonekedwe a chitsanzo cha tsindelo. Chitsanzo choumbira chikombole chikhoza kukhala cha thabwa, cha MDF (thabwa la utuchi wopanikiza) kapena chosindikiza pa makina a 3D. Dziwani kuti silikoni siisankha. Imatenga chilichonse, ngakhale chidindo cha chala. Mizere ya makina a 3D, ya mamilimita 0.2, idzaonekera pa tsinde lililonse limene mudzathire. Choncho pakani penti yoyambira, kwechani ndi sandipepa wa 240, pakaninso, kwechani ndi wa 400, mumalize ndi wa 600. MDF imamwa kwambiri m'mbali modulidwa, ndipo mukapanda kumatamo bwino silikoni imalowa m'timabowo n'kukakamira. Ngodya zakuthwa zizungulitseni ndi mamilimita 2 kapena 3, apo ayi simenti izibenthuka pomwepo potulutsa. Bowo lodutsa bawuti ndi kadzenje kobisamo nati kunsi zikonzedwe pa chitsanzo chomwechi, osati kudzaboola simenti itauma. Za makina a 3D ndingowonjezera ziwiri. Mabowo amatuluka aang'ono kuposa mmene munajambulira, ndiye pamene zinthu ziwiri zikulowana siyani mpata wa mamilimita 0.2 mpaka 0.3. Ndipo pulasitiki yosindikizira yotchedwa PLA imayamba kufewa cha pa 60°C. Ndi yabwino pa chitsanzo, koma pa mutu wa nyali pamafunika ina yotchedwa PETG, yomwe imafika cha m'ma 80°C.

Silikoni ya zikombole ilipo ya mitundu iwiri, ndipo kusadziwa imene muli nayo n'kumene kumatayitsa chitini chathunthu. Youmitsa ndi tin ndi yosavuta, siikana zinthu zambiri, koma imanyala pang'ono ndipo pakapita zaka zochepa imayamba kung'ambika yokha. Youmitsa ndi platinum siinyala kwenikweni ndipo imakhalitsa, koma ndi yamkutukumve: ikakhudzana ndi sulufule, yemwe amapezeka m'dongo lina loumbira la mafuta, ndi magolovesi a latex, ndi zotsalira za silikoni ya tin, kapena ndi chinthu chosindikiza ndi utomoni wa resin chomwe sichinaume mokwanira, imatsala yonata pamalopo mpaka kalekale. Kudikira sikuthandiza. Mankhwala ake ndi kuyamba mwathira kadontho pa chitsanzocho, pamalo osaonekera, n'kudikira nthawi yonse youmira musanathire zonse. Valani magolovesi a nitrile kapena a vinyl.

Pa tsinde lathu lija, matani chitsanzo pa thabwa losalala, kunsi kwake kuli pansi, ndipo muchizinge ndi khoma losiya mpata wa mamilimita 15 mbali zonse ndi pamwamba. Matani mwamphamvu, chifukwa thabwa ndi pulasitiki zimayandama m'silikoni. Tsekani m'munsi mwa khoma ndi guluu wotentha. Kabowo kolowa singano n'kokwanira kuti m'mawa mupeze silikoni yonse ili pansi. Kuti mudziwe yosakaniza, dzazani mpatawo ndi mchenga wouma, muukhuthulire m'kapu yopimira, ndipo mupukute bwino: pa miyeso imeneyi mupeza mamililita pafupifupi 700, omwe ndi magalamu 800 a silikoni. Kulimba kwa silikoni kwa Shore A (muyeso wa kulimba kwa mpira) 20 mpaka 30 n'koyenera simenti. Pimani pa sikelo monga mwa chiwerengero cholembedwa pachitini, ndipo onetsetsani ngati chikunena za kulemera kapena kuchuluka, poti ziwirizi sizifanana. Takasani mphindi 3 mukupala m'mbali ndi pansi pa kapu, mukhuthulire m'kapu ina, mutakasenso. Pakani kansalu kopyapyala ka silikoni pa chitsanzo ndi bulashi kuti mpweya usatsekeredwe pankhope, kenaka thirani yotsalayo kuchokera m'mwamba, pa ngodya imodzi, ikutsika ngati kaulusi, izikwera yokha. Chikombole chikakhala cha zigawo ziwiri, pakani mafuta a petroleum jelly pokumana zigawozo, chifukwa silikoni siigwira zinthu zambiri koma inzake imaigwira osasiya.

Tsopano simenti, pomwe pamathera mitima ya ambiri. Msakanizo wa zinthu zazing'ono zosalala si wa pachimango cha nyumba. Pa tsinde la mamililita 770, kuphatikizapo kotsalira m'ndowa, pimani magalamu 800 a simenti, 800 a mchenga wosefa wouma, ndi 290 a madzi. Madziwo ndi 0.36 ya kulemera kwa simenti, ndipo nambala imeneyi ndiyo mwini nkhani. Phala lotere limaoneka louma kwambiri, dzanja n'kumayabwa kuti liwonjezere madzi. Musatero. Madzi opitirira amene simenti ikufuna amauluka n'kusiya timipata, ndipo n'kumene kumachokera kufooka, kunyala ndi ming'alu. Chofewetsa ndi mankhwala a superplasticiser, cha pa 1 peresenti ya kulemera kwa simenti, kunena kuti magalamu 8, kapena monga alembera opanga. Utoto wa ufa wa iron oxide ukhale cha pa 5 peresenti, magalamu 40. Mukafika pa 10 peresenti mtundu suwonjezekanso kwenikweni koma mphamvu imatsika. Ngati chinthucho n'chopyapyala, cha mamilimita 12 mpaka 15 monga mphika wa maluwa, onjezani ulusi wagalasi wokwana 2 peresenti ya zouma zonse, ndipo ukhale wolembedwa AR. Ulusi wagalasi wamba simenti imaudya pang'onopang'ono. Aluminiyamu nayo musaikwirire m'simenti yaiwisi: ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa hydrogen, n'kusiya thovu kuzungulira chitsulocho.

Sakanizani zouma kaye mpaka mtundu ufanane, thirani mankhwala ofewetsa m'madzi, muphatikize, ulusi ulowe pomaliza kuti usathyoke. Pakani phala loyamba ndi chala chovala golovesi m'ngodya zonse za chikombole, dzazani theka, gwedezani, dzazani lotsala, gwedezaninso. Makina okwechera opanda sandipepa, okanikizidwa m'mbali mwa thabwa lomwe pakhala chikombole, amagwedeza bwino kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Mukapitirira, mchenga umatsika, madzi n'kukwera. Phimbani ndi pulasitiki nthawi yomweyo. Tulutsani pakapita maola 24 mpaka 48, mukulungenso m'pulasitiki chili chonyowa kwa masiku 7. Simenti siilimba chifukwa chouma. Imalimba chifukwa madzi akulumikizana nayo, ndipo mphamvu yake amaiwerengera pa masiku 28. Kuiyanika padzuwa tsiku lachiwiri n'kuipha.

Chilema chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo dizayina aphunzire kuwerenga nkhope ya simenti. Timabowo ting'onoting'ono ndi mpweya: phala linali lolimba kwambiri, kapena munapaka mafuta ochuluka m'chikombole. Ming'alu yopyapyala ngati ukonde wa kangaude ndi madzi ochuluka kapena kuuma msanga. Nkhope yosiya fumbi pachala ndi simenti yomwe inauma isanalimbe, kapena thumba lakale lomwe linayamba kugwira mibulu. Zoyera zotuluka pamwamba patapita masiku ndi mchere wa laimu womwe madzi akoka kuchokera m'kati. Zimachepa mukachepetsa madzi ndi kupewa kuti madontho a m'pulasitiki azigwera pankhope. Chovutitsa kwambiri pogulitsa ndi kusiyana mtundu, tsinde lina lakuda, lina lotuwa, utoto uli wofanana. Kawirikawiri wolakwa ndi mchenga. Mchenga wonyowa ukhoza kusunga madzi okwana 5 peresenti ya kulemera kwake. Pa magalamu 800 amenewo ndi magalamu 40 a madzi osawerengedwa, ndipo 0.36 ija yasanduka 0.41, tsinde n'kutuluka lotuwa. Winanso wolakwa ndi nthawi: lotulutsidwa pa maola 24 silifanana ndi la pa maola 48. Yanikani mchenga, ndipo nthawi yotsegula chikombole ikhale imodzimodzi. Pokwecha simenti kwechani ndi madzi, chifukwa fumbi lake lili ndi silica yomwe imawononga mapapo osachira, ndipo yaiwisi imawotcha khungu.

Mkono wopindika musaudule m'thabwa lalikulu, chifukwa pokhota mitsempha ya thabwa imakhala yodukaduka ndipo umathyoka pomwepo. Umatani kuchokera ku timizere topyapyala. Timizere 8 ta mamilimita 1.5 timapereka mkono wa mamilimita 12. Tiduleni mamilimita 35 m'lifupi kuti mudzapale mpaka 30, poti timaterereka guluu akalowa, ndipo musankhe thabwa la mitsempha yowongoka; pomwe mtsempha ukutulukira m'mbali m'pomwe kamzere kamasweka. Chikombole chikakhala cha mbali ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, musangocheka thabwa pakati ndi mzere umodzi. Ngati kupinda kwa m'kati kuli pa masentimita 12 kuchokera pakati pa bwalo, kwa kunja kukhale pa 13.2, kusiya malo a mkonowo. Mukaiwala zimenezi, chikombole chimafinya kumapeto, pakati n'kutsala mipata yodzaza guluu. Matani tepi yapulasitiki pa chikombole kuti mkono usagwirire. Yesani kupana konse popanda guluu kaye, zopanira zili pafupi, chifukwa guluu wamatabwa woyera amakupatsani mphindi zosakwana 10. Panani kuyambira pakati kupita kumapeto, chopanira chimodzi pa masentimita 5 mpaka 8 alionse, musiye maola 24.

Mukamasula, mkono umabwerera pang'ono. Amisiri amawerengera kuti kubwererako kumachepa monga mwa chiwerengero cha timizere chochulukitsidwa ndi chokha: timizere 4 timabweza gawo limodzi mwa 16 la kupindako, timizere 8 gawo limodzi mwa 64. Choncho timizere tambiri topyapyala timaposa tochepa tochindikala. Guluu woyera uja alinso ndi khalidwe lina: amakhalabe wofewa pang'ono, moti mkono wonyamula mutu miyezi yambiri umayamba kuwerama. Epoxy kapena guluu wa urea formaldehyde amauma gwa, ndipo ndi amene ayenera pamenepa. Njira ya waya ikonzedwe pomata: gawani timizere tiwiri tapakati m'litali, musiye mpata wa mamilimita 5, mugonekemo chingwe chopaka sera chomwe mudzasolole guluu atagwira. Pomanga mkono ku tsinde, bawuti la M8 (la mamilimita 8) likhale masentimita 3 kuchokera m'mphepete, ndipo pakati pa washa ndi simenti muike kampira. Chitsulo chikamangidwa molunjika pa simenti, kukunga komaliza kuja n'kumene kumabweretsa mng'alu.

Pa magetsi sindichulutsa mawu: dizayina amene sanaphunzire za magetsi asalowetse mphamvu ya pakhoma m'chinthu chake. Gwiritsani ntchito LED ya 12V kapena 24V ndi adaputala yogula yoyesedwa kale, yokhala kunja kwa nyali. Lamba wa LED wa mawati 9.6 pa mita, wodulidwa masentimita 30, amadya mawati pafupifupi 3. Adaputala ikhale ndi mphamvu yoposa pamenepo ndi 20 peresenti kapena kupitirira. Dulani pa zizindikiro zokha. Lambayo amatidwe pa aluminiyamu, osati pa thabwa, chifukwa chimene chimapha LED ndi kutentha kosowa kolowera. Imayamba kuzirala ndi kusintha mtundu isanathe. Yatsani maola awiri, mugwire: ngati chala sichingakhalepo, aluminiyamuyo yachepa. Kuti timadontho ta kuwala tisaoneke, chophimba choyera chitalikire ndi lamba mofanana ndi mpata wa pakati pa LED ziwiri kapena kuposa. Kuwala kwa 2700K mpaka 3000K (muyeso wa mtundu wa kuwala) n'kofunda, koyenera m'nyumba, ndipo LED yolembedwa CRI 90 imaonetsa mitundu ya zinthu moyenera. Pomwe waya akutulukira pakhale chomugwira, kuti wina akakoka asazule polumikiza.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za fakitale, pomwe luso loyeserera limafuna ngozi. Zoona, koma taonani mmene odziwa amachitira. Mu 2006 Max Lamb, dizayina wa ku Britain, anaumba kampando ka chitsulo chofewa cha pewter pagombe la nyanja ku Cornwall, ku England, pokumba chikombole mumchenga momwemo n'kuthiramo chitsulo chosungunula. Timipando timeneti sitifanana nkhope, chifukwa mchenga umasiya zakezake, koma miyendo ndi msinkhu n'zosankhidwa, ndipo pewter anaisankha poti imasungunuka cha pa 230°C, moto wamba n'kukwanitsa. Marcel Wanders wa ku Netherlands, pa mpando wake wa Knotted Chair wa mu 1996, analuka chingwe cha ulusi wolimba wa aramid chokhala ndi carbon m'kati, kuchinyika mu epoxy, n'kuchipachika pa chimango kuti kulemera kwake kukoke maonekedwe chikuuma. Kugwa kwa chingwe anakusiyira ufulu. Mfundo ndi pomangirira anaziwerengera. Dizayina alembe mizere iwiri m'kope: zimene akulola kuti zisinthe pa chinthu chilichonse, monga mawanga a utoto, ndi zimene sizisintha, monga kulemera, msinkhu ndi malo a bawuti. Timabowo pa simenti tikhoza kukhala kukongola ngati mungathe kutibweretsa mukafuna ndi kutichotsa mukafuna. Ngati timangobwera tokha, chimenecho n'chilema basi, ngakhale muchipatse dzina lokoma pachionetsero.

Kopelo lili ndi lamulo limodzi lovuta kusunga: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. James Dyson anapanga zoyeserera 5,127 asanakhutire ndi makina ake okokera fumbi, ndipo nambalayo inakula chifukwa cha kachitidwe komweka. Mukasintha madzi, utoto ndi nthawi pamodzi, chinthu n'kutuluka bwino, simudziwa chimene chathandiza. Thirani timatailosi ta masentimita 8, kalikonse ndi nambala yolembedwa kumbuyo, m'kope mukhale kulemera kwa chilichonse, kutentha kwa tsikulo, ndi maola a m'chikombole. Musataye tokanika. Lembaninso maola a manja anu pa gawo lililonse. Ambiri amadabwa kupeza kuti kukwecha ndi kupaka zimadya nthawi kuposa kuumba, ndipo mtengo umene anauza wogula sunawerengere zimenezo. Chikombole nacho chimatha, nkhope yake imazirala ndi kuthira kulikonse, ndiye chitsanzo choyambirira chisungidwe m'bokosi kuti muzidzaumbira china.

Kwa okonda kuyesa zinthu zina, machenjezo awiri. Epoxy imatentha ikamauma, ndipo ikachuluka pamalo amodzi imatentha kwambiri: ya mtundu wopaka ikathiridwa kupitirira mamilimita 5 kapena 6 nthawi imodzi imatha kusweka, kuchita chikasu, ngakhale kufuka utsi m'kapu. Kuwonjezera chouumitsa sikufulumizitsa kanthu, kumangosiya chinthu chonata. Pa mapulasitiki otayidwa, omwe ambiri ayamba kusungunula kuchokera pamene Dave Hakkens anayambitsa ntchito yokonzanso mapulasitiki ya Precious Plastic ku Eindhoven, ku Netherlands, mu 2013 n'kugawa mapulani a makina ake mwaulere, werengani nambala ili kunsi. Nambala 2, HDPE, ndi nambala 5, PP, n'zoyambira zabwino, koma musaziphatikize, chifukwa zimasungunuka pa kutentha kosiyana ndipo sizigwirana bwino; chinthucho chimasendeka m'magawo. Nambala 3, PVC, isayandikire moto, utsi wake ndi wa asidi. HDPE imanyala ndi 2 mpaka 3 peresenti pozizira, ndiye izizirire ili yopanidwa, apo ayi ipindika.

Ntchito zodzitumazi zimatenga nthawi kuti zipeze wozipanga zambiri, ndipo mwini ayenera kusamala ufulu wake podikira. George Carwardine, injiniya wa masipuling'i a galimoto, analembetsa njira yake yoimitsira nyali mu 1932 asanagwirizane ndi kampani ya Herbert Terry and Sons, yomwe inatulutsa nyali ya Anglepoise 1227 mu 1935. Kampando ka Mezzadro, komwe Achille ndi Pier Giacomo Castiglioni anapanga ndi chokhalira cha thirakitala mu 1957, kanadikira mpaka 1971 kuti kampani ya Zanotta iyambe kukapanga. Lamulo loteteza maonekedwe a chinthu limafuna kuti chikhale chatsopano pa tsiku lolembetsa, ndipo chithunzi chimene mwaika nokha pa intaneti chikhoza kuwerengedwa kuti chinthucho chinaonekera kale. Ku European Union ndi ku United States amapereka miyezi 12 kuchokera pomwe mwini wachionetsa. Si mayiko onse amene amatero, choncho funsani ku ofesi yolembetsa musanaonetse. Amene ali pa ntchito yolembedwa masana awerengenso mgwirizano wake, poti migwirizano ina imati chilichonse chimene wapanga chokhudza ntchitoyo ndi cha bwana, ngakhale wachipangira kunyumba usiku.

Chotsala ndi ulendo wopita kwa wogula. Mpando wa kampani ya Thonet nambala 14 wa mu 1859 unafalikira dziko lonse mwa zina chifukwa unkatumizidwa womasula, zidutswa 6 zathabwa ndi zomangira zake, mipando 36 m'bokosi la mita imodzi mbali zonse. Nyali yathu nayo isatumizidwe yomanga. Bokosi likagwa, tsinde la makilogalamu 1.7 limasanduka nyundo yothyola mkono wake womwe. Tsinde likhale m'chipinda chakechake m'bokosi, lozingidwa ndi masentimita 5 a zofewa mbali zonse ndipo lisamagwedere mukagwedeza. Mkono ndi mutu zikhale kwina, pamodzi ndi sipanala yoyenera ndi pepala la zithunzi losonyeza kamangidwe. Kunsi kwa tsinde matani kansalu ka felt kapena cork kuti lisakale tebulo la wogula. Musanatumize yoyamba, longedzani imodzi monga mmene idzayendere, muigwetse kuchokera pa masentimita 75 pansi pa simenti, chafulati, cham'mbali ndi pa ngodya, mutsegule muone chimene chasuntha.

Ine wanu,
Wowerenga, mmisiri wa zoumba ndi zamatabwa